Zolemba za ntchito yoika plasma ya mainchesi 65 m'chipinda choonera mafilimu

Kuyendera TV isanakwere pakhoma

TV ya ntchitoyi ndi plasma ya mainchesi 65, ya 1080p (mizere 1080 ya mapikiselo), yopangidwa mu 2013. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zilili ndi plasma iliyonse yomwe munthu angaipeze lero. Pioneer, mwini wa ma plasma otchedwa Kuro, adalengeza mu 2009 kuti akusiya kupanga ma TV, Panasonic idaleka kupanga plasma kumapeto kwa 2013, ndipo Samsung ndi LG adatsatira mu 2014. Choncho nambala ya modelo payokha siyikwanira. Momwe mwini woyamba adaigwiritsira ntchito ndi nkhani yaikulu, ndipo umboni wake umapezeka pagalasi.

Yabwera itaimirira, itamangidwa mbali zonse, ndipo m'chipinda yasungidwanso choimirira. Sikirini ya plasma ndi magalasi awiri opyapyala omatidwa pamodzi, pakati pake pali timaselo todzaza mpweya wa neon ndi xenon. Ikagonekedwa, pakati pa galasi pamakhala popanda chochirikiza, ndipo kugwedezeka kamodzi kwa pamsewu kukhoza kuling'alula. Mng'alu ukafika pa timaselo mpweya umathawa, ndipo sikirini yotero siyikonzekanso.

Tayatsa TV ili pa phazi lake ndi kuonetsa mitundu yodzaza sikirini yonse kuchokera pa fulashi: wofiira, wobiriwira, wabuluu, woyera, kenaka wotuwa wa 5, 20 ndi 50 peresenti. Wotuwa ndiye amaulula zambiri. Pa wa 50 peresenti paoneka kachizindikiro kozilala ka tchanelo pangodya yakumanja kumwamba. Pa mitundu inayo sikakuoneka, ndipo pa filimu kakusowa. Mizere yakufa palibe. Tayang'ana mizere mosamala chifukwa kukonza kwake kumasiyana kwambiri. Mzere wopingasa nthawi zambiri umachokera ku bolodi la buffer, lomwe limasinthika. Mzere woimirira umachokera ku mbali ya address, ndipo ngati chafa ndi kachipu kokhala pa riboni yomatidwa kugalasi, TV yoteroyo ndi yongoisiya.

Chowerengera maola mu menyu ya amisiri chikuonetsa maola pafupifupi 9,000. Kwa plasma za m'zaka zimenezo, zomwe opanga ena ankati zimafika maola 100,000 kuwala kusanatsike ndi theka, nambalayi siyodetsa nkhawa. Mu menyu imeneyo tangowerenga basi n'kutuluka. Muli manambala a mavoti ndi a mitundu omwe adaikidwa ku fakitale molingana ndi galasi lomweli, ndipo batani limodzi lodinidwa molakwika limasintha nambala yomwe palibe amene adailemba.

Mtunda, khoma ndi kuwala kwa m'chipinda

Chithunzi cha mainchesi 65 ndi masentimita 144 m'lifupi ndi 81 kutalika. Mulingo wa SMPTE, bungwe la akatswiri a mafilimu ndi TV, woti sikirini idzaze madigiri 30 a zomwe diso likuona, umaika mpando pa mamita 2.7, pomwe madigiri 40 a THX, kampani yoika miyezo ya zipinda za mafilimu, amaukokera pafupi, pa mamita 2. Mpando taukhazika pa mamita 2.4, pomwe sikirini ikudzaza madigiri pafupifupi 33. Kupitirira mamita 3 diso limayamba kulephera kusiyanitsa 1080p ndi 720p, ndiye kuti phindu la mapikiselo 2,073,600 a 1080p limayamba kutayika. Kuyandikira kuposa mamita 2 nako kuli ndi vuto lake pa plasma: timadontho tovinavina m'malo a mdima timayamba kuoneka.

Pakati pa sikirini pali masentimita 105 kuchokera pansi, molingana ndi maso a munthu wokhala pampandowo. Kukweza TV pamwamba ngati chithunzi chokongoletsa khoma ndi kuiwononga. Plasma imaoneka bwino ngakhale munthu atakhala chakumbali ndithu, mitundu siyizilala monga imachitira pa LCD zambiri, koma mamodelo apamwamba a m'zaka zomalizazo ali ndi fyuluta yotchinga kuwala kochokera kudenga, ndipo fyulutayo imachititsa chithunzi kuda munthu akachiyang'anira pamwamba kapena pansi kwambiri.

TV yolemera makilogalamu opitirira 40 siyipachikidwa pa mapulagi a pulasitiki. Bulaketi yamangidwa ndi mabawuti 6 a ankala olowa mu khoma lenileni, osati mu pulasitala wapamwamba, ndipo isanalandire TV tayesa kuikoka ndi mphamvu. Mabawuti olowa kumbuyo kwa TV tayeza kutalika kwake kaye: lalitali kwambiri limakagunda bolodi m'kati. Tasiya masentimita 10 mbali zonse ndi pamwamba kuti mpweya wotentha utuluke.

Chomwe chasintha chithunzi kwambiri pa gawoli si TV ayi, ndi chipinda. Galasi la plasma likakhala lozima silikhala lakuda bii. Phosphor, mankhwala opakidwa m'timaselo omwe amatulutsa kuwala, ndi wotuwa, ndipo kuwala kulikonse komugwera kumabwerera kwa woonera. Masana, zenera lili lotsegula, malo akuda a filimu akuoneka otuwa ngakhale TV isakutulutsa kuwala kulikonse pamenepo. Nyali ya kudenga yomwe inali kutsogolo kwa sikirini yazimitsidwa pa switchi yakeyake, zenera lakumbuyo kwa mpando likudikira katani yochindikala, ndipo khoma la kumbuyo kwa TV lapakidwa penti yotuwa yosanyezimira. Kumbuyo kwa TV taikako nyali yaing'ono ya 6500K (muyeso wa mtundu wa kuyera kwake) yowalitsa khoma pang'ono, osapitirira 10 peresenti ya kuyera kwa sikirini. Nyaliyi imapumitsa maso, komanso kuda kwa sikirini kumaoneka kozama chifukwa diso lili ndi pofanizira. Ikhale yoyera ndithu ya 6500K. Yachikasu imanyenga diso, zoyera za filimu n'kumaoneka ngati zabuluu.

Zingwe ndi zomwe zikulowa

Plasma iyi ili ndi HDMI 1.4. Siyidziwa 4K (mapikiselo ochuluka kanayi kuposa 1080p), siyidziwa HDR (kanema wa kuwala ndi mitundu yoposa ya kanema wamba, wotchedwa SDR). Zipangizo zatsopano zoonetsera mafilimu zimadziwa zonsezi, ndipo apa ndi pomwe mavuto ambiri omwe anthu amanamizira galasi amayambira. Kabokosi ka mafilimu a pa intaneti kaikidwa pa 1080p ndi SDR mokakamiza. Kakasiyidwa kuti kasankhe kokha, makamaka pakati pakakhala risiva ya zokuzira mawu yomwe imalandira 4K, kamatha kutenga filimu ya HDR n'kuitsitsa mosalongosoka, ndipo chithunzi chimatuluka chotumbuluka, mitundu yofooka.

Zonse zikulowa mu risiva, kenaka chingwe chimodzi chikupita ku TV. Njira ya ARC, yobweza mawu kuchokera ku TV kupita ku risiva, taisiya chifukwa imanyamula mawu a Dolby Digital koma siyinyamula Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio za pa Blu-ray. Mu risiva tazimitsa zonse zokhudza chithunzi kuti chingodutsa chosakhudzidwa. Chingwe cha mamita 3 cha High Speed wamba chakwana. Chingwe cha HDMI chikamalephera chimaonetsa timadontho tothwanima kapena kuduka kwa chithunzi, sichichepetsa kapena kuwonjezera mtundu.

Pali zinthu ziwiri zomwe zayenera kugwirizana chithunzi chisanayezedwe. Choyamba ndi mulingo wa manambala. Kanema amaika kuda pa 16 ndi kuyera pa 235, pomwe kompyuta imagwiritsa ntchito 0 mpaka 255. Chipangizo chikatumiza 16 mpaka 235 koma TV ikuyembekezera 0 mpaka 255, kuda kumasanduka kutuwa. Zikatembenuka, zonse za mu mthunzi zimamira, jekete lakuda n'kusowa mapindo ake. Taika zonse pa YCbCr ndi Limited. Chachiwiri ndi overscan, chizolowezi chakale chokulitsa chithunzi pang'ono n'kudula m'mphepete. Chikayaka, pikiselo ya filimu siyigwera pa pikiselo ya galasi, ndipo timizere ting'onoting'ono timasakanikirana. Dzina lozimitsira limasiyana: Samsung amati Screen Fit, LG amati Just Scan, Pioneer ankati Dot by Dot. Taonetsa chithunzi choyezera cha mizere ya pikiselo imodziimodzi, yakuda ndi yoyera motsatizana, ndipo yonse ikuoneka yoyera bwino kuchokera kumanzere mpaka kumanja popanda mafunde.

Kuda ndi kuyera

Apa ndi pomwe pagona ubwino wonse wa plasma, choncho gawoli latenga nthawi yaitali.

Pikiselo iliyonse ili ndi timaselo titatu, ndipo kaselo kalikonse kamadzipangira kuwala: magetsi amayatsa mpweya, mpweyawo umatulutsa kuwala kwa ultraviolet, ndipo phosphor amakusandutsa kufiira, kubiriwira kapena buluu. Kumbuyo kulibe nyali yowala nthawi zonse. N'chifukwa chake nyenyezi pa thambo lakuda imaoneka yokha popanda chifunga moizungulira. Komabe kuda kwa plasma sikufika pa ziro monga kwa OLED. Timaselo timafunika kukonzekeretsedwa ndi kamphamvu kochepa ka magetsi chithunzi chilichonse chisanajambulidwe, ndipo kamphamvuko kamasiya kuwala pang'ono. Mpikisano wonse wa Kuro ndi mamodelo a 2013 unali wochepetsa kuwala kotsalaku.

Tayamba ndi kusankha Cinema mu menyu, ndi kuzimitsa sensa yoyeza kuwala kwa chipinda, zochepetsa magetsi, zowonjezera kuda ndi zochotsa phokoso la chithunzi. Sharpness yatsitsidwa mpaka timizere toyera tozungulira zilembo titasowa. TV yasiyidwa ikuyenda mphindi 30 isanayezedwe, chifukwa plasma yozizira imapereka manambala ena.

Batani la Brightness dzina lake limasocheretsa: silikweza kuwala, limaika pomwe kuda kukuyambira. Pa chithunzi choyezera chokhala ndi mizere yothwanima kuyambira 2 mpaka 25, takweza kaye mpaka mizere yonse itaoneka, kenaka kutsitsa kudina kamodzikamodzi mpaka 16 itasowa m'mdima koma 17 ikuonekabe pang'ono. Pa plasma pali njira ina yotsimikizira yomwe LCD ilibe. Munthu akayandikitsa nkhope pa galasi, masentimita 20 okha, malo akuda amaoneka ali phee ngati Brightness ili bwino. Ikakwera ndi kudina kumodzi kokha, malo omwewo amadzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira toyendayenda ngati nyerere. Kudina komaliza komwe timadonthoto tasowa pa 16 ndiko tasiyira.

Timadontho timeneti si vuto. Kaselo ka plasma kamangodziwa kuyaka ndi kuzima, kalibe theka. Kuti kaonetse kuwala kwapakati, chithunzi chimodzi chimagawidwa m'tizigawo tanthawi, ndipo kaselo kamaphethira kangapo kapena kambirimbiri malinga ndi kuwala kofunika. Nambala ya 600Hz yomwe inkalembedwa pa makatoni imatanthauza tizigawo 10 kuchulukitsa ndi zithunzi 60. Si zithunzi 600 pa sekondi. Pafupi ndi kuda masitepe amachepa, ndiye TV imasinthanitsa mapikiselo oyandikana kuti diso liwasakanize lokha. Pa mamita 2.4 palibe chikuoneka.

Contrast ndiyo imaika kuyera, ndipo apa plasma ili ndi khalidwe lake lomwe limasokoneza aliyense wozolowera LCD. Kuyatsa timaselo tonse 6,220,800 pa mphamvu yonse kungafune magetsi oposa omwe bolodi la pawa lingapereke, choncho muli dongosolo lotchedwa ABL lomwe limatsitsa kuwala chithunzi chikachuluka zoyera. Tayeza bokosi loyera lodzaza 10 peresenti ya sikirini, pozungulira pali kuda, ndipo taliika pa 110 cd/m² (muyeso wa kuwala kwa sikirini). Osasintha kanthu, taonetsa zoyera sikirini yonse: kuwala kwatsikira pafupifupi theka. Izi sizizimitsika, ndipo kukweza Contrast sikuthandiza; kumangochititsa ABL kuyamba msanga, filimu n'kumaoneka ikupuma, kuwala kukukwera ndi kutsika kamera ikachoka pa nkhope kupita kumwamba kowala. N'chifukwa chake kuyeza konse kwa plasma kumachitika ndi timabokosi tating'ono, osati sikirini yodzaza. Woyeza ndi yodzaza amakhala akuyeza ABL.

Ena angaone 110 ngati yochepa poyerekeza ndi ma TV a lero omwe amadutsa 1,000. M'chipinda chamdima ndi yokwanira ndithu: mafilimu a SDR amakonzedwa pa mamonita a 100 cd/m². Kuda kwa TV yathu kwawerengeka pansi pa 0.01, ndiye kuti kusiyana kwa kuyera ndi kuda kukupitirira 10,000 kwa 1. Nambala imeneyi ndi ya usiku, nyali zitazima. Zenera likatsegulidwa imagwa kutali, ndipo palibe batani mu menyu lomwe lingaibweze.

Taonanso kuti 235 ndi manambala ochepa a pamwamba pake akusiyanitsika, komanso kuti zoyera sizikupendekera ku pinki. Zikapendekera, ndiye kuti mtundu umodzi wafika pamapeto enawo asanafike, ndipo Contrast itsike.

Kutuwa, gamma ndi mitundu

Zida: choyezera kuwala cha i1Display Pro, pulogalamu ya HCFR pa laputopu, ndi zithunzi zoyezera zochokera mu pleya yomweyo yomwe izionetsa mafilimu. Choyezera tachiika pa miyendo itatu, patali pang'ono ndi galasi, m'malo mochipachika pa galasipo. Plasma imatentha, ndipo choyezera chikafunda manambala ake amayenda.

Cholinga ndi D65, kuyera kwa x 0.3127 ndi y 0.3290, komwe Rec. 709, muyezo wa mitundu wa kanema wa HD, imagwiritsa ntchito. Color Temperature ya Warm ndiyo yayandikira; Normal ndi Cool zili ndi buluu wambiri. Munthu wozolowera Cool amaona Warm ngati yachikasu kwa masiku oyamba, kenaka diso limakhazikika. Kuyeza koyamba kwaonetsa buluu wochepa pa malo owala ndi kufiira kochuluka pang'ono pa malo amdima. Takonza mabatani a mitundu ya malo owala poyeza bokosi la kuwala kwa 80 peresenti, a malo amdima poyeza bokosi la kuwala kwa 30 peresenti, ndi kubwereza chifukwa kukhudza mbali imodzi kumasuntha inayo. Wobiriwira sitinamukhudze. Mu Rec. 709 wobiriwira amanyamula 71.5 peresenti ya kuwala, wofiira 21.3, wabuluu 7.2 yokha, choncho kusuntha wobiriwira kumasokoneza gamma ndi Brightness zomwe zaikidwa kale. Titamaliza tabwereranso ku mizere ya 16 ndi 17 kukatsimikiza.

Gamma ndi momwe kuwala kumakwerera kuchoka pa kuda kufika pa kuyera. M'chipinda chamdima tasankha 2.4, chokhala ndi nyali chimafuna 2.2. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa papepala koma ndi kwakukulu mu mthunzi. Kuyera kukakhala 110, bokosi la 50 peresenti liyenera kuwerengeka 20.8 pa gamma 2.4 ndi 23.9 pa 2.2. Bokosi la 10 peresenti ndi 0.44 pa 2.4 koma 0.69 pa 2.2. Yathu inali yowala mopitirira pakati pa 60 ndi 90 peresenti, zomwe zimaphwatalitsa nkhope zowalidwa ndi dzuwa, ndipo takonza ndi mabatani a magawo 10. Pa mabatani amenewa kusintha kukhale kochepa ndi koyenderana ndi magawo oyandikana. Gawo limodzi likakwezedwa kwambiri lokha, thambo la madzulo limaoneka mikwingwirima m'malo mosintha mosalala.

Bokosi loyezera likakhalitsa pa sikirini limasiya chithunzi chake kwakanthawi, ndipo kuyeza kotsatira kumanama. Bokosi lililonse lowala talisiya masekondi ochepa okha, ndipo pakati pa maulendo oyeza taonetsa kanema wamba kwa mphindi zingapo.

Pa mitundu sipanafunike zambiri. Color Gamut yachotsedwa pa Native n'kuikidwa pa Rec. 709; pa Native wobiriwira amapitirira malire, udzu wa m'bwalo la mpira n'kuoneka ngati wopakidwa. Tayeza mitundu pa 75 peresenti, osati pa 100 yokha, chifukwa khungu la munthu, masamba ndi zovala zimakhala m'kati, osati m'mphepete. Delta E, nambala yoonetsa kulakwika kwa mtundu, yatsika pansi pa 3 paliponse, mulingo womwe diso silisiyanitsa pa chithunzi choyenda. Kulimbana kuti ifike pa 1 pa buluu wozama ndi kutaya usiku pachabe.

Kuyenda kwa chithunzi

Filimu imajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi. Zikalowetsedwa mu 60Hz, chithunzi chimodzi chimaonetsedwa katatu, chotsatira kawiri, ndipo kamera ikamayenda chopingasa pamaoneka kudzuka. Mankhwala ake ndi kuonetsa chithunzi chilichonse maulendo ofanana. Kuro inkachita katatu, pa 72Hz. Mamodelo apamwamba a Panasonic ankachita kanayi, pa 96Hz. Ena otsikirapo ankapereka 48Hz, yomwe pa plasma imaphethira mopweteka maso. Pleya yaikidwa pa 1080p24 ndipo TV pa 96Hz. Mu kabokosi ka intaneti tayatsa zoti kazitsatira liwiro la kanema aliyense, kuti wa zithunzi 25 apite pa 50Hz, wa 24 pa 24.

Zowonjezera zithunzi zopeka pakati pa zenizeni zazimitsidwa. LCD imazifuna chifukwa imagwira chithunzi mpaka china chitafika, ndipo diso lotsatira chinthu choyenda limachiona chosalongosoka. Plasma imaphethira, choncho choyenda chimakhalabe chakuthwa popanda thandizo. Kuziyatsa kumangopatsa filimu kusalala kwa kanema wa mu situdiyo, ndi tizinthu tosweka kuzungulira manja ndi mipanda.

Pa zilembo zoyera zodutsa msanga pa kuda tikuona kamchira kobiriwira kosakanikira chikasu. Phosphor wabuluu amazima msanga, wobiriwira ndi wofiira amachedwa, ndiye kwa kanthawi kochepa awiriwo amatsala opanda buluu. Ena amakaona, ena sakaona konse, ndipo kamaoneka kwambiri pa mafilimu akuda ndi oyera. Palibe chokonza, kutsitsa Contrast kumakachepetsa pang'ono.

Chithunzi chotsalira

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisakaniza. Menyu ikakhala pa sikirini mphindi 10 n'kusiya mthunzi wake, umenewo ndi wakanthawi: timaselo tomwe tayaka kwambiri tasintha pang'ono momwe timayakira, ndipo timabwerera tokha kanema akamayenda, pa mphindi kapena maola. Kupsa kwenikweni ndi phosphor wa malo amodzi kukalamba kuposa oyandikana nawo, ndipo kumeneko sikubwerera. Kachizindikiro ka pangodya kaja kayesedwa ndi mzere woyera woyenda wa mu menyu komanso kanema wodzaza sikirini kwa maola ambiri. Kazilala koma sikanathe, ndiye kuti mbali ina ndi kupsa. Tasiya pamenepo. Kuyendetsa mzere woyera usiku wonse kumakalambitsa galasi lonse pofuna kubisa malo ochepa omwe pa filimu sakuoneka.

Pa chipinda cha mafilimu chowopsa si chizindikiro cha tchanelo koma mizere yakuda. Filimu ya 2.39:1 imagwiritsa ntchito mizere pafupifupi 803 mwa 1080, n'kusiya masentimita 10 akuda pamwamba ndi 10 pansi. Pakati pamakalamba, m'mphepete mumakhala mwatsopano, ndipo patapita maola masauzande kanema wodzaza sikirini amaonetsa malire. Kukulitsa filimu kuti idzaze sikirini si yankho, chifukwa kumadula kotala ya chithunzi m'mbali. Yankho ndi kusakaniza zoonera, za 16:9 zizikhalapo. Pa makanema akale a 4:3 mbali zaikidwa zotuwa m'malo mwa zakuda pa chifukwa chomwecho. Pixel orbiter yayatsidwa. Imasuntha chithunzi mapikiselo ochepa, zomwe zimafewetsa m'mphepete mwa chizindikiro koma sizipulumutsa pakati pake. Mawu omasulira pansi pa filimu asinthidwa mu pleya kukhala otuwa, ndipo pleya ikaimitsidwa mphindi 5 sikirini izidetsedwa yokha.

Phokoso ndi kutentha

TV itakwera pakhoma pamveka kulira kopyapyala komwe kumakula chithunzi chikayera ndi kutha chikada. Kumeneku ndi kwachibadwa: mabolodi a sustain amatumiza mafunde a mavoti pafupifupi 200 kambirimbiri pa sekondi, ndipo makoyilo ndi galasi lomwe zimanjenjemera. Kumalo okwera kwambiri, komwe mpweya ndi wopepuka, kumakulirapo. Khoma lolimba linkakubweza kutsogolo. Taika chotchinga mawu chopyapyala pakhoma, osati pa TV, osatseka mabowo a mpweya, ndipo pa mpando sikukumvekanso filimu ikamasewera.

Mafani anali ndi fumbi. Chivundikiro chatsegulidwa pulagi itazulidwa ndipo papita nthawi, ndiponso mavoti a makapasita aakulu ayezedwa kaye, chifukwa amasunga magetsi opha TV itazima kale. Fumbi lachotsedwa ndi burashi yofewa, fani itagwiridwa kuti isazungulire. Pachitsulo cha kumbuyo kwa galasi pali sitika ya mavoti, Vs, Va ndi ena, taijambula. Manambalawo ndi a galasi limeneli lokha, ndipo bolodi la pawa kapena la sustain likadzasinthidwa liyenera kuikidwa pa iwo, apo ayi sikirini imadzaza timadontho tofiira tosazima kapena kuda kumakwera. TV ikadzazima yokha, choyamba ndi kuwerenga kuphethira kwa kanyali ka kutsogolo pulagi isanazulidwe, popeza chiwerengero chake ndicho chimaloza bolodi lodwala.

Magetsi omwe ikudya akusintha ndi chithunzi, kuyambira mawati osafika 200 pa filimu yamdima mpaka kupitirira 400 pa zoyera zambiri, ndipo onsewo amathera m'chipinda ngati kutentha. Ili pa soketi yake yokhala ndi choteteza ku kukwera kwa magetsi.

Rimoti ya risiva inkagwira mwa apo ndi apo, makamaka pa zithunzi zowala. Mabatire ali bwino. Plasma imatulutsa kuwala kwa infrared, ndipo diso la risiva linali pansi penipeni pa sikirini, likuchititsidwa khungu. Risiva yabwezedwa m'kati mwa shelefu ndi masentimita 15, thabwa la pamwamba likuiphimba, ndipo ikumva.

Zomwe zatsala

Mawu akutsogola milomo pang'ono pa 96Hz. Kuchedwetsa mawu mu risiva kuyezedwa padera pa pleya ndi pa kabokosi, chifukwa manambala awo safanana. Katani ikaikidwa tidzakonza mulingo wachiwiri wa masana, wa gamma 2.2 ndi kuyera kokwerapo, pa Custom, kuti wa usiku usakhudzidwe. Manambala onse a mu menyu alembedwa pa khomo lililonse la HDMI, popeza TV imasunga osiyana pa khomo lililonse. Kutuwa kudzayezedwanso pakatha maola 500, ndipo pa tsikulo wotuwa wa 50 peresenti wodzaza sikirini adzafanizidwa ndi chithunzi cha ngodya yakumanja chomwe chajambulidwa pa gawo loyamba.